Mutu 11: Lumo la Buñuel

Mwamuna waima pafupi ndi khomo lotulukira pakhonde la nyumba yosanja, ndudu ili pakamwa, akunola lumo lometera pa lamba wachikopa. Akuliyesa pachikhadabo, kenako akutuluka panja n'kuyang'ana kumwamba. Mwezi uli mbee, ndipo kamtambo kopyapyala kakuuyandikira. Tsopano tikuona nkhope ya mkazi amene wakhala phee, zala za mwamuna zikumukanula chikope. Kamtambo kaja kadutsa pakati pa mwezi. Chithunzi chotsatira, lumo ladutsa pakati pa diso, zam'kati n'kukhuthuka.

Umu ndi mmene imayambira Un Chien Andalou, filimu yopanda mawu ya mphindi pafupifupi 16, yomwe anyamata awiri a ku Spain, Luis Buñuel ndi Salvador Dalí, anaionetsa koyamba mumzinda wa Paris pa 6 Juni 1929. Wonola lumoyo ndi Buñuel mwini wake. Mkaziyo ndi Simone Mareuil, ndipo diso lake silinakhudzidwe n'komwe. Lomwe linang'ambidwa linali la thole lakufa, lomwe analiunika ndi magetsi amphamvu kuti ubweya usaoneke. Anthu ambiri amazidziwa zimenezi asanaonere filimuyi, komabe nthawiyo ikafika amatsinzina kapena kutembenuza nkhope.

Palibe chithunzi ngakhale chimodzi chosonyeza lumo likudula diso la munthu. Woonera ndi amene amatenga nkhope ya mkazi, mtambo ndi diso la ng'ombe n'kuzisoka pamodzi m'mutu mwake. Opanga mafilimu onse a nthawi imeneyo ankadziwa kuti munthu amalumikiza yekha zithunzi zotsatizana, ndipo ankadalira khalidwe limeneli kuti nkhani imveke: munthu watuluka pakhomo, chithunzi chotsatira ali pamsewu, ife n'kuvomera kuti wayenda. Kagulu kena ka ku Paris kanaona kuti khalidwe lomwelo lingagwire ntchito ina. Ngati woonera amavomera chilichonse chobwera pambuyo pa chinzake, ndiye kuti mkazi angatsegule chitseko cha chipinda chapamwamba, pakati penipeni pa mzinda, n'kupezeka ali m'mphepete mwa nyanja, monga zimachitikira chakumapeto kwa filimu imeneyi. Mverani munthu akufotokoza maloto ake m'mawa: anali kumunda, koma sikunali kumunda kwawo, kenako anangopezeka ali m'basi ndi amalume ake amene anamwalira kalekale. Pamene ankalota sanafunse kuti basiyo anaikwera liti. Woonera kanema nayenso safunsa.

Ana a nkhondo

Anthu amene ankachita zimenezi anali ophunzira bwino, ndipo misala yawo inali yochita kusankha. Dziko la France lokha linataya asilikali oposa 1.3 miliyoni pa Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, pakati pa 1914 ndi 1918. Nkhondoyo anaikonza ndi akuluakulu ovala bwino, odziwa masamu ndi mapu, ndipo achinyamata amene anapulumuka sanaonenso chifukwa cholemekezera nzeru zimene zinabala manda ochuluka chonchi. Mu 1916, ku Zurich m'dziko la Switzerland, alakatuli ndi ojambula othawa nkhondo anayambitsa gulu lotchedwa Dada, lomwe ntchito yake inali kunyoza luso lonse lolemekezeka. Nkhondo itatha, mzimu umenewu unasamukira ku Paris, kumene unakumana ndi mlakatuli André Breton.

Breton anaphunzirako zachipatala, ndipo m'kati mwa nkhondo anagwira ntchito pa chipatala cha asilikali osokonezeka mutu ku Saint-Dizier. Kumeneko ndi kumene anadziwira maganizo a Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna, amene ankaphunzitsa kuti munthu amakwirira zilakolako ndi mantha ake masana, ndipo usiku zimatulukira m'maloto zitadzizimbaitsa. Mu 1924 Breton anasindikiza chikalata chokhazikitsa gulu la Surrealism. Cholinga chake chinali chakuti zokwiriridwazo zituluke m'ndakatulo ndi m'zojambula, osadikira kuti nzeru, mwambo kapena chipembedzo zivomereze.

Anthuwa anayamba ndi kukonda kanema asanaganize zopanga mafilimu awoawo. Breton anasimba kuti ali ku Nantes pa nthawi ya nkhondo, iye ndi mnzake Jacques Vaché ankalowa m'nyumba ya kanema osafunsa dzina la filimu, kaya ili pakati kaya ikutha. Ikayamba kuwatopetsa ankanyamuka n'kukalowa m'nyumba ina. Pobwerera, m'mutu mwawo munkakhala filimu imodzi yopangidwa ndi zidutswa za mafilimu angapo. Ndipo zimene ankakonda sizinali mafilimu olemekezeka a anthu ophunzira. Ankathamangira mafilimu a zigawenga a Louis Feuillade, monga Fantômas ndi Les Vampires, momwe mbava zovala zakuda zimayenda pamadenga a Paris weniweni. Ankakondanso anthabwala a ku America, makamaka Buster Keaton. Mu Sherlock Jr., filimu ya 1924, Keaton ndi woonetsa kanema amene wagona pantchito, n'kulota akulowa m'chinsalu cha kanema. Ali m'menemo malo akumusinthira osamuchenjeza: akufuna kukhala pansi m'munda wamaluwa, wagwera pamsewu, wapezeka pakati pa mikango, kenako m'chipululu, kenako pamwala pakati pa nyanja. Keaton ankangofuna kuseketsa anthu, koma m'mphindi zochepazo anasonyeza zonse zimene gulu la Breton linkafuna kwa kanema.

Kusowa kwa mawu kunawathandiza kwambiri. Munthu akayamba kulankhula mufilimu amayamba kupereka zifukwa, ndipo zifukwa zimadzutsa wolota. Mufilimu yopanda mawu anthu amatsegula pakamwa koma simumva kanthu, mitundu kulibe, mayendedwe ndi achilendo pang'ono, ndipo woonera wakhala mumdima osagwedezeka.

Mchere, ngamila ndi wansembe

Zoyesa zoyambirira zinali za gulu la Dada, ndipo zinali zamasewera. Mu 1923 Man Ray, wojambula zithunzi wa ku America amene ankakhala ku Paris, anawaza mchere ndi tsabola pa lamba wa filimu, n'kuponyapo mapini ndi timisomali, kenako n'kuyatsa getsi kwa kanthawi. Zotsatira zake, Le Retour à la raison, ndi mphindi zitatu za timadontho ndi zithunzithunzi zovinavina. Chaka chotsatira René Clair ndi Francis Picabia anapanga Entr'acte, yoti izionetsedwa pa nthawi yopuma ya gule wa pasiteji wotchedwa Relâche, ndi nyimbo za Erik Satie. M'menemo ngolo ya maliro ikukokedwa ndi ngamila, kenako ikuthawa yokha, olira onse ovala masuti n'kumaithamangira m'misewu. Ndi nthabwala yabwino, koma imathera pa kuseka.

Filimu imene ambiri amaiwerenga kukhala yoyamba ya Surrealism anaipanga ndi mkazi, ndipo mmene anamulandirira ndi chimodzi mwa zinthu zochititsa manyazi m'mbiri ya gululi. Germaine Dulac anali katswiri wodziwika kale. Anayamba ngati mtolankhani wolemba za ufulu wa amayi, ndipo filimu yake ya 1923, La Souriante Madame Beudet, inalowa m'maganizo a mkazi wotopa ndi banja lake m'njira imene ochepa anali atayesa. Iye anatenga nkhani yolembedwa ndi Antonin Artaud n'kupanga La Coquille et le clergyman, ya wansembe amene akuzunzika ndi chilakolako cha mkazi wa mkulu wa asilikali. Wansembeyo akutsanulira madzi akuda m'mabotolo kuchokera m'chigoba chachikulu, n'kumaswa botolo lililonse. Akukwawa m'misewu ndi manja ndi mawondo. Mapeto a jekete lake akutalika mpaka kukhwekhwereka pansi. Nkhope ya mkulu wa asilikali ikung'ambika pakati.

Artaud, amene pa nthawiyo ankasewera mufilimu ya Carl Dreyer yonena za Joan of Arc, anakwiya kuti sanapatsidwe mpata pa kujambula ndi kulumikiza zithunzi, ndipo ankati Dulac waisandutsa nkhani yake loto wamba. Pa 9 Febuluwale 1928, filimuyi ikuonetsedwa koyamba ku Studio des Ursulines, anzake a Artaud a m'gulu la Surrealism anaimirira m'kati n'kuyamba kutukwana Dulac, mpaka kumutcha ng'ombe. Amuna amene ankalalikira za kumasula munthu ku unyolo wa mwambo sanathe kupirira kuona mkazi atatsogola pa ntchito yawo. Ku Britain bungwe loyang'anira mafilimu linailetsa, ndipo chifukwa chake chimasekedwabe mpaka lero: linati filimuyi ndi yosamvetsetseka moti ikuoneka yopanda tanthauzo, ndipo ngati tanthauzo lilipo, liyenera kukhala loipa.

Komabe m'dandaulo la Artaud munali mfundo, ngakhale anaipereka mwamwano. Dulac ankagwiritsa ntchito matsenga a kamera: zithunzi zosanjikizana, nkhope zopindika, mdima wosungunuka. Zonsezi zimauza woonera kuti usaope, awa ndi maloto chabe. Man Ray anachitanso chimodzimodzi mu L'Étoile de mer ya 1928, yomwe mbali yaikulu anaijambula kudzera m'chinthu chosokoneza maso, kuti anthu azioneka ngati ali kuseri kwa zenera lonyowa. Zimakongola, koma woonera amadziwa pomwe waima.

Lamulo limodzi

Buñuel anabadwira ku Calanda mu 1900, Dalí ku Figueres mu 1904. Anadziwana ku Madrid, pa nyumba yogonera ophunzira yotchedwa Residencia de Estudiantes, komwe kunalinso mlakatuli Federico García Lorca. Buñuel atapita ku Paris anaphunzira ntchito pothandizira wopanga mafilimu Jean Epstein. Kumayambiriro kwa 1929 anakachezera Dalí kwawo, n'kumuuza kuti analota mtambo ukudula mwezi ngati lumo likudula diso. Dalí anayankha kuti iye analota dzanja lodzaza nyerere. Pasanathe sabata nkhani ya filimu inali italembedwa, ndipo ndalama zojambulira anapereka ndi mayi ake a Buñuel.

Polemba anagwirizana lamulo limodzi: chithunzi chilichonse chimene mmodzi wa iwo angathe kuchifotokoza ndi nzeru, kapena kuchipezera chifukwa, chitayidwe. Chotsala ndi chokhacho chimene chawagwira mtima onse awiri osadziwa chifukwa chake. Ngakhale dzina la filimu, lonena za galu wa ku Andalusia, linatsata lamuloli, pakuti mufilimumo mulibe galu. Lorca, amene kwawo kunali ku Andalusia komweko, akuti anaganiza kuti galuyo ndi iyeyo.

Chimene chinasiyanitsa filimuyi ndi zam'mbuyo ndi kajambulidwe kake kosakometsera. Nyerere zikutuluka pabowo la pachikhatho cha mwamuna wa mufilimumo, Pierre Batcheff, ndipo kamera ikuziyang'ana mmene ingayang'anire munthu akumwa tiyi. Pamene mwamunayo akufuna kuyandikira mkazi amene wathawira pakona, akugwira zingwe ziwiri n'kuyamba kukoka, ndipo kumbuyo kwake kukubwera ansembe awiri omangidwa, mmodzi wa iwo ndi Dalí, kenako mapiyano awiri aakulu, pamwamba pake pali abulu akufa oyamba kuola. Zonsezi zikuchitika m'chipinda wamba, chokhala ndi mipando wamba, kuwala kuli kwa masana. Olemba ambiri amati katunduyo ndi mtolo wa chipembedzo ndi ulemu wa mabanja olemera umene umalepheretsa munthu kufika pa chimene akufuna. Mwina n'zoona, koma munthu amamva kulemera kwa mapiyanowo m'mapewa mwake asanayambe kumasulira.

Achinyamatawa anaseweranso ndi timawu tolembedwa timene mafilimu opanda mawu ankaika pakati pa zithunzi pothandiza woonera kutsatira nthawi. Koyamba kali ndi mawu amene Afalansa amayambira nthano. Kotsatira kakuti papita zaka 8. Kena kakuti ndi cha m'ma 3 koloko usiku, kena kakutibwezera zaka 16 m'mbuyo, koma chipinda ndi chomwecho, anthu ndi omwewo, ndipo zochitika zikupitirira pomwe zinalekera. Woonera, chifukwa cha chizolowezi, amayesabe kuwerengera zakazo.

Pa tsiku loyamba Buñuel anaima kuseri kwa chinsalu ndi galamafoni, akusinthanitsa zimbale za tango wa ku Argentina ndi nyimbo za Wagner za mu Tristan und Isolde. Anadzasimba kuti m'matumba anaikamo miyala yoti agende oonera akayamba chipongwe. Miyalayo sinagwire ntchito. Anthu, kuphatikizapo Picasso ndi Jean Cocteau, anaomba m'manja, gulu la Breton linawalandira awiriwo, ndipo filimuyo inaonetsedwa miyezi 8 ku Studio 28. Buñuel zinamuwawa. Mu Disembala chaka chomwecho analemba m'magazini ya gululi kudandaula kuti anthu opusa aona kukongola m'chinthu chimene iye anachipanga ngati mfuu yoitanira kupha.

Ulendo wachiwiri sanaphonye. Banja lolemera la Charles ndi Marie-Laure de Noailles linamupatsa ndalama, ndipo mu 1930 anatulutsa L'Âge d'or, ya ola limodzi ndi mphindi zochepa. Dalí anathandizapo pang'ono chabe, ubwenzi wawo unali utayamba kuzirala. Apa n'kuti mafilimu a mawu atafika kale, kuyambira ndi The Jazz Singer ya 1927, ndipo Buñuel anatenga mawuwo n'kuwagwiritsa ntchito mwa njira yake. Mtsikana apeza ng'ombe itagona pabedi lake, aithamangitsa ngati ndi mphaka, koma belu la m'khosi mwake likulirabe ng'ombeyo itapita. Chakumapeto kukumveka ng'oma zimene anthu a kwawo ku Calanda amaimba pa sabata ya Pasaka. Filimuyi imayamba ndi phunziro la zinkhanira, imaonetsa mabishopu atasanduka mafupa pamiyala zisoti zili kumutu, ndipo imatha ndi munthu wofanana ndi Yesu wa pa zithunzi za m'tchalitchi akutuluka m'nyumba momwe mwachitika zonyansa. Pa 3 Disembala 1930 anyamata a magulu odana ndi Ayuda ndi alendo analowa mu Studio 28, anathira inki pachinsalu, n'kung'amba zojambula za Dalí, Joan Miró, Max Ernst ndi ena zimene zinapachikidwa polowera. Mkulu wa apolisi a Paris, Jean Chiappe, analetsa filimuyo, ndipo panapita zaka pafupifupi 50 anthu wamba asanaionerenso poyera.

Loto lotsekeredwa ndi loto lomasuka

Nyengo yonseyi inali yaifupi, ndipo mafilimu ake munthu angawaonere onse tsiku limodzi. Koma mbewu zake zinamwazikana kutali, ndipo zinamera mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi umene makampani akuluakulu anautenga. Mu 1945 Alfred Hitchcock anaitana Dalí kuti akonze loto la mufilimu ya Spellbound, momwe Gregory Peck akusewera ngati munthu amene waiwala mbiri yake. M'lotomo muli makatani ojambulidwa maso, ndipo mwamuna wina akuwadula ndi sizasi wamkulu, kukumbutsa za 1929. Koma lotolo laikidwa m'khola. Likuyamba pamene wodwala wayamba kusimba, likutha pamene wamaliza, kenako madokotala akulimasulira chidutswa ndi chidutswa: denga lotsetsereka ndi phiri, gudumu limene munthu wobisa nkhope anagwetsa ndi mfuti. Pomaliza lotolo lagwiritsa wakupha. Ndi filimu yokoma, koma ikuswa lamulo lija la ku Figueres kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Otsatsa malonda ndi opanga mavidiyo a nyimbo anatengera njira yomweyi: chithunzi chodabwitsa chogwira maso kwa masekondi ochepa, kenako dzina la sopo. Dalí mwiniyo sanadane nazo, ndalama ankazikonda. Anayambanso kafilimu ka zojambula ndi Walt Disney kotchedwa Destino, komwe kanasiyidwa mu 1946 n'kudzamalizidwa mu 2003.

Mtundu wachiwiri unamera m'manja mwa anthu osowa ndalama kapena ouma mutu. Ku Los Angeles mu 1943, Maya Deren ndi Alexander Hammid anajambula Meshes of the Afternoon m'nyumba yawo ndi kamera yaing'ono, yopanda mawu ngakhale nyengo ya mawu inali itakhwima. Mkazi akuthamangitsa munthu wovala zakuda amene nkhope yake ndi kalilole, akubwerera pakhomo lomwelo kangapo, ndipo pena phazi lake likuponda mchenga wa kunyanja, kenako udzu, kenako simenti, kenako mkeka wa m'nyumba, m'mapazi ochepa chabe. Deren ankakana kutchedwa wa Surrealism, koma chida chake ndi chomwe chija cha chitseko chotsegukira kunyanja. David Lynch anapitiriza njira imeneyi kuyambira ndi Eraserhead mu 1977. Mu Blue Velvet ya 1986 mnyamata akutola khutu la munthu m'thengo, nyerere zikuyendapo, ndipo akulitengera kupolisi m'kapepala ngati watola chikwama. Ku Prague, Jan Švankmajer anachititsa nyama yaiwisi, masokosi ndi zidole kuyenda zokha. Ndipo mu 1976 woimba David Bowie ankaonetsa Un Chien Andalou yonse kwa zikwi za anthu obwera kudzamumvera, iye asanakwere pasiteji.

Wolowa chuma weniweni wa Buñuel anali Buñuel yemweyo. Atakhala zaka zambiri osatsogolera filimu, anakakhazikika ku Mexico, ndipo mu 1950 anatulutsa Los Olvidados, nkhani yowawa ya ana a m'misewu ya Mexico City. Pakati pa umphawi wojambulidwa mosabisa, mnyamata Pedro akulota mayi ake akumubweretsera nthuli yaikulu ya nyama yaiwisi, dzanja n'kutuluka pansi pa bedi kudzailanda. Palibe dokotala womasulira, ndipo sakufunika. Pamene ankakalamba anasiyiratu kuika malire pakati pa loto ndi masana. Le Charme discret de la bourgeoisie ya 1972, yomwe inapata mphoto ya Oscar, ndi ya anthu olemera 6 amene akulephera kudya limodzi chakudya chamadzulo, ndipo ena akudzuka ku loto n'kupezeka kuti anali m'loto la mnzawo.

Zaka 10 m'mbuyo mwake, mu 1962, anali atapanga El ángel exterminador. Alendo olemera abwera kuphwando, adya, acheza, koma nthawi yopita kwawo itakwana palibe amene akutha kudutsa pakhomo la chipinda chochezera, ngakhale khomolo lili pululu. Akhala momwemo masiku ambiri, akuswa khoma kufuna madzi, akupha nkhosa zimene zasokerera m'chipindamo, ndipo filimu siinena chimene chawatsekera. Kumayambiriro kwake alendowo akuoneka akulowa m'nyumba n'kukwera masitepe kawiri konse. Buñuel anasimba kuti filimu itamalizidwa, wojambula wake Gabriel Figueroa anamukokera pambali ali ndi nkhawa, n'kumuuza kuti wolumikiza zithunzi walakwitsa, waika gawo limodzi kawiri. Buñuel anamukumbutsa kuti kulumikiza amachita yekha, ndiponso kuti Figueroa yemweyo ndi amene anajambula magawo onse awiriwo, kamera ataiika malo osiyana.